The Riot Club: ana a mabwana akaswa zinthu, amatola magalasi ndani?

Nangozo wa ku Leicester

Anzanga, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Dzulo nditaweruka ndinaonera filimu ija ya The Riot Club, ya mu 2014. Ndikudziwa kuti ambiri munaionera kalekale, koma ine yandigwira pamtima ngati yatuluka kumene. Amene simunaione ndikuchenjezeretu kuti ndiulula mathero ake.

Ndi nkhani ya anyamata 10 a pa yunivesite ya Oxford, ana a anthu olemera, amene ali ndi kagulu kawo kosalowa aliyense. Awiri ndi atsopano, Miles ndi Alistair. Mwambo wawo waukulu ndi phwando la madzulo, ndipo poti mu Oxford monse anatopa nawo chifukwa choswa zinthu, akupita ku bala ina ya kumudzi, The Bull's Head, atanama kuti ndi gulu la achinyamata ochita bizinesi. Mwini malowo, Chris, wakondwa kuti wapeza makasitomala apamwamba. Chipinda wachikonza bwino, mwana wake wamkazi Rachel ndi amene akuperekera zakudya. Pofika pakati pa usiku chipinda chija chasanduka bwinja, mipando yathyoka, magalasi ali mbwee, khoma lang'ambidwa. Chris atalowa n'kuona zimenezi, Alistair akumutulutsira ndalama. Bambo uja wakana, wawauza maso ndi maso kuti ndi ana oleredwa mosasatitsa. Pomwepo anamugwera, kumumenya mpaka kukomoka.

Chimene chandipweteka si kumenyako kokha. Ndi mmene anadabwira kuti munthu wakana ndalama. Nkhope zawo zikuchita kuonetsa kuti m'moyo wawo wonse sanakumanepo ndi chinthu chosagulika.

Ine ndinagwirapo ntchito yoperekera zakudya pa hotelo ina kuno, zaka zitatu. Tsiku lina kunali phwando la ana a sukulu omaliza maphunziro. Mnyamata wina anatayira dala vinyo pa kapeti, akundiyang'ana m'maso, kenako anandiitana ndi kukhwatchitsa zala. Nditagwada kuti ndipukute, anaponya mapaundi 20 m'chithaphwi cha vinyo muja, anzake n'kufa nacho chiseko. Ndalamayo ndinaitola, poti lendi imandidikira, koma dzanja langa linkanjenjemera mpaka kukhitchini. Ndiye poonera Chris akukana, ndinalira. Kaya inu munaiona bwanji?

Aphunzitsi Opuma

Mayi Nangozo, pepani ndi zimene munakumana nazo. Ndiwonjezere pang'ono za kumene nkhaniyi inachokera, chifukwa ena angayese ndi nthano chabe.

Filimuyi inayamba ngati sewero la pa siteji lotchedwa Posh, lolembedwa ndi Laura Wade, lomwe linaonetsedwa koyamba ku Royal Court Theatre mu London mu 2010, chisankho cha dzikolo chili pafupi. Iye yemweyo ndi amene analembanso filimuyi, ndipo anaitsogolera ndi Lone Scherfig wa ku Denmark. Gulu la m'filimumo ndi lopeka, koma aliyense ku Britain anadziwa kuti likufanana ndi Bullingdon Club, gulu lenileni la ku Oxford lomwe linayamba cha m'ma 1780 ngati la osaka nyama ndi osewera kiriketi. Yunifolomu yawo yokha, jekete ya buluu ya mchira ndi kansalu ka m'kati kachikasu, ndi ya mapaundi masauzande. Mbiri yawo ndi yomweyo: kudya, kumwa, kuswa, kenako kulipira pompo.

Pali chithunzi chodziwika cha mu 1987 cha mamembala a gululi ali pa masitepe. M'menemo muli David Cameron ndi Boris Johnson. Woyambayo anakhala nduna yaikulu kuyambira 2010 mpaka 2016, winayo kuyambira 2019 mpaka 2022. George Osborne, yemwe anali nduna ya zachuma nthawi ya Cameron, nayenso anali membala zaka zingapo pambuyo pake. Choncho pamene filimuyi imatuluka mu 2014, nduna yaikulu, nduna ya zachuma ndi meya wa London, yemwe nthawi imeneyo anali Johnson, onse atatu anali odutsa m'gulu limodzi. Onse anadzanena pambuyo pake kuti sanyadira nazo. Sindikunena kuti iwowa anamenyapo munthu, ayi. Ndikungofuna muone chifukwa chake anthu a kumeneko anaionera filimuyi mtima uli m'mwamba.

Jah Kay wa ku Area 25

Madala, mbiri mwaifotokoza bwino, koma ine filimuyi sinandigwire. Anakokomeza kwambiri. Anyamata 10, palibe ndi mmodzi yemwe wa mutu wabwino? Zoona? Ine ndimaona ngati inapangidwa kuti osauka tizikhala pansi n'kumati "eya, olemera ndi afiti." Nsanje basi. Ndipo tinene chilungamo, ku Bullingdon kwenikweniko amalipira zonse zimene aswa. Kuno kwathu munthu amaswa botolo pamutu pa mnzake ku bala, osalipira ngakhale 1 tambala. Ndiye woipa kwambiri ndi uti?

Nangozo wa ku Leicester

Achimwene Jah Kay, kulipirako ndiye vuto lenilenilo. Woswa botolo ku Area 25 akudziwa kuti mawa apolisi amufuna, kapena abale a womenyedwayo amupeza. Ali ndi mantha, ndipo mantha amenewo amamubweza nthawi zina. Awa alibe choopa. Amalowa pamalo ataika kale padera ndalama ya zoswa, monga mmene inu mumaikira padera ya thiransipoti. Ndiye tebulo, kapeti, woperekera zakudya, mwini malo, onse ali pa bilu imodzi.

Nabanda wa ku Joni

Ine ndisiye za kuswa mipando, ndikambe za Lauren, chifukwa pamenepo ndi pamene ndinaimitsa filimu n'kutuluka panja kukapuma.

Lauren ndi chibwenzi cha Miles, mtsikana wanzeru wochokera ku banja wamba, wophunzira sukulu za boma. Anyamata aja anaitanitsa mayi woyendayenda, koma mayiyo atamva zimene akufuna anakana n'kuchoka. Onani, ngakhale iye anali ndi malire ake. Ndiye Alistair anaba foni ya Miles n'kutumizira Lauren uthenga kuti abwere. Mwana wa eni akufika akuganiza kuti chibwenzi chake chamusowa, akupeza chipinda chodzaza amuna oledzera. Akuyamba kumutsatsa malonda. Ndalama ikukwera mpaka mapaundi 27,000. Nambala imeneyi sinangotoledwa. Kuyambira 2012 fizi ya pa yunivesite ku England inafika mapaundi 9,000 pa chaka, ndiye zaka zitatu ndi 27,000 ndendende. Akumuuza kuti ngongole yako yonse ya sukulu, imene udzabweze zaka zambiri, kwa ife ndi ndalama ya usiku umodzi.

Tsono Lauren akutembenukira kwa Miles. Munthu amene amagona naye, amene amamuuza kuti iye si wodzikweza ngati enawo. Miles m'malo moimirira n'kumugwira dzanja kutuluka naye, akuti zili kwa iye mwini kusankha. Abale anga! Kwa ine woipa kwambiri m'filimu monse ndi Miles, osati Alistair. Alistair ndi njoka yoonekera, umaiona uli patali n'kupatuka. Miles ndi uja umamutsekulira chitseko.

Jah Kay wa ku Area 25

Achemwali, apo mwalakwitsa. Miles ndi amene anaitana ambulansi. Sanamenye nawo. Mapeto ake anatuluka m'gulumo. Mungamuike bwanji pamwamba pa munthu amene anatenga chibonga cha kiriketi n'kumenya bambo wa eni ake ali pansi?

Nabanda wa ku Joni

Anaitana ambulansi munthu atatsala pang'ono kufa. Usiku wonse anali pompo. Ankamva mmene amamunyozera Rachel, anaona Lauren akugwiridwa mwachipongwe, anaona chipinda chikuphwasulidwa. Nthawi iliyonse ankangoti nkhope gwa, ngati kusasangalala kwakeko ndi chothandiza wina. Magulu oterewa sakhalitsa chifukwa cha a Alistair, iwo ndi ochepa. Amakhalitsa chifukwa cha a Miles, anyamata aulemu amene safuna kutaya mpando wawo patebulo.

Ndipo kumbukirani poyamba paja. Makolo a Alistair akudandaula kuti chipinda chimene mwana wawo wapatsidwa ndi chaching'ono, Miles n'kudzipereka kusinthana naye. Tonse tinati koma mnyamata wabwino. Ubwino wake unali wa zinthu zosamupweteka.

Mphwanga wa ku Ntcheu

Ine chimene chinandidabwitsa n'chakuti ngakhale pakati pawo pali kusankhana. Dimitri ndi amene ali ndi ndalama zambiri kuposa onse, ndi amene amatulutsa chikwama, koma anzake amamukumbutsabe kuti ndi Mgiriki, chuma chake n'chadzulodzulo. Hugo ali ndi dzina la makolo koma m'thumba mulibe kanthu. Kwawo kwa Harry ndi chinyumba chachikulu chakalekale, koma alendo amalipira pakhomo kuti alowe kudzachiona, apo ayi banjalo silingachisamale. Ndiye ukali wa Alistair uja, pamene akukuwa kuti watopa nawo anthu osauka, ine ndinaumva ngati mantha. Akuona kuti dziko limene anawalonjeza ali ana likuwapulumuka, ana a anthu wamba ngati Lauren akukhala nawo kalasi imodzi, mwinanso kuwaposa.

Pali kachigawo kena kakang'ono. Anaitanitsa nyama ya mbalame 10, ina m'kati mwa inzake, yowotchera pamodzi. Mmodzi wa iwo akuyamba kuifukula ndi kuwerenga, n'kupeza kuti ndi 9. Mkwiyo wake ngati waberedwa munda! Anthu amene sanagonepo ndi njala akuona ngati dziko lawalakwira chifukwa cha mbalame imodzi.

Aphunzitsi Opuma

Mphwanga, waona bwino. Ndipo tisaiwale kuti zonsezi zimayamba asanafike ku Oxford. Ku Britain ana ophunzira sukulu zolipira ndi pafupifupi 7 pa 100 alionse, koma ndi amene achuluka pakati pa oweruza milandu akuluakulu ndi m'maudindo ena apamwamba. Sukulu imodzi yokha ya Eton yatulutsa nduna zazikulu 20. M'filimumo, pofunafuna mamembala atsopano, funso loyamba ndi lakuti anaphunzira kuti. Sakufunsa kuti amakhoza bwanji.

Chanco 2009

Tikukamba za ku England ngati ndi kutali, koma chitsanzo chimenechi tinachiitanitsa tokha. Kamuzu Academy ku Mtunthama inatsegulidwa mu 1981, ndipo anthu ankaitcha Eton ya mu Africa. Chilatini, Chigiriki, aphunzitsi ochokera ku Britain, zonse potengera komweko.

Ine ndinachokera ku CDSS ya kumudzi, kumene buku limodzi la sayansi tinkagawana anthu ambirimbiri. Nditafika ku koleji ndinapeza anzanga ena ali ndi galimoto chaka choyamba. Sindikuti anali oipa onse, ena ndi anzanga mpaka lero. Koma tsiku lina mnyamata wina wa pa hositelo yathu, mwana wa munthu wodziwika, anagunda njinga ya kabaza usiku akuchokera komwa. Wakabazayo anathyoka mwendo. Kutacha kunabwera amalume ake ndi envulopu, nkhani inathera pa bedi la kuchipatala. Lolemba mnyamatayo anali m'kalasi, akuseka. Wakabazayo ndinkamuona pambuyo pake pa siteji, akutsimphina, njinga akupalasa ndi mwana wake. Amati mlandu suwola, koma umenewu unawola pasanathe sabata.

Namaseko

A Chanco 2009, nkhani ya wakabazayo ndi yomvetsa chisoni, koma chonde tisasakanize. Ine bambo anga anaphunzira ku Academy m'zaka za m'ma 1980, ndipo anali mwana wa mlimi wa fodya wosauka. Nthawi imeneyo ankatenga ana okhoza bwino kuchokera m'boma lililonse, ndipo sankalipira. Zolipira zinabwera Kamuzu atachoka pampando. Ndiye poyamba inali njira yokwezera ana a anthu wamba, zosiyana ndi Eton kumene kale ana ambiri ankalowa chifukwa bambo ndi agogo awo anadutsa pomwepo. Ndiponso si mwana wa wolemera aliyense amene ali ndi mwano. Ena timawadziwa, amadzuka m'mamawa kukagwira ntchito ngati wina aliyense.

Chanco 2009

Achemwali Namaseko, pa mbiri ya Academy mukunena zoona, ndipo mnyamata ndikunenayo sanaphunzire kumeneko. Sindikuloza sukulu. Ndikuloza envulopu ija. Mwana amene waona kawiri katatu kuti akalakwa kumabwera envulopu, pofika zaka 20 amakhala ataphunzira phunziro limene palibe mphunzitsi angalifufute.

Wa Malamulo

Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine ndikufuna tikambe za mathero, chifukwa ndi pamene filimuyi inanena zoona zowawa kwambiri.

Atagwidwa onse, taonani zimene akuchita. Palibe amene akufunsa ngati Chris ali moyo chifukwa chomumvera chisoni, akufunsa kuti adziwe kukula kwa mlandu. Kenako akupangana kuti onse akhale chete, ndipo mmodzi asenze mlandu wonse kuti ena 9 apulumuke. Asankha Miles poti ndi watsopano. Ubale wonse uja ankaimbira nyimbo patebulo wathera pomwepo. Chimene chinamupulumutsa Miles ndi umboni: khungu la Alistair linapezeka m'zikhadabo za Chris, ndiye wogwidwa anakhala Alistair.

Apa munthu umati chilungamo chayenda. Alistair wachotsedwa pa yunivesite. Koma chithunzi chomaliza akuitanidwa ku London ndi Jeremy, amalume ake a Harry, phungu wa Nyumba ya Malamulo yemwenso anali m'gululi pa unyamata wake. Akumupezera loya wabwino, akumulonjeza ntchito mu ofesi yake. Chifukwa chiyani? Chifukwa sanaulule anzake. Mnyamata akutuluka m'menemo akumwetulira.

Pa ntchito yanga ndaona kuti lamulo lolembedwa ndi limodzi kwa onse, koma njira yofikira kwa woweruza ndi ziwiri. Wina amafika ndi loya amene wawerenga fayilo yonse, makalata a anthu olemekezeka omuchitira umboni, ndi mawu akuti "tisamuonongere tsogolo mwanayu." Wina amafika yekha, atakhala miyezi pa rimandi. Mawu akuti tsogolo sindinawamvepo akunenedwa za mwana wogulitsa mandasi.

Jah Kay wa ku Area 25

Bwana wa Malamulo, pa mathero paja ndikuvomera, panandiwawa nanenso. Koma ndikadali pa mfundo yanga kuti anakokomeza. Palibe umboni woti gulu lenilenilo linamenyapo munthu chonchija. Ukapanga filimu imene aliyense akudziwa kuti ikuloza anthu enieni, n'kuikamo mlandu umene sanapalamule, si chilungamonso chimenecho. Ndipo ndinamva kuti masiku ano gululo latha mphamvu, ana ambiri a pa Oxford amachita nalo manyazi.

Aphunzitsi Opuma

Jah Kay, apa uli ndi mfundo, ndipo Laura Wade mwiniwake ankanena kuti nkhani yake ndi yopeka. N'zoonanso kuti gululo linatsika. Mu 2018 bungwe la ophunzira otsatira chipani cha Conservative pa Oxford linaletsa mamembala a Bullingdon kukhala ndi maudindo m'bungwemo. Koma zoswa m'malo odyera si zopeka. Mu 2004 anaphwanya zinthu pa bala ina ya m'mudzi wa Fyfield pafupi ndi Oxford, ndipo anayi anagona m'chitokosi, n'kutuluka atalipitsidwa faindi yochepa. Wolemba sewero anangotenga khalidwe lodziwika n'kufunsa kuti, nanga tsiku lina mwini malo atakana ndalama, chingachitike n'chiyani?

Ine dandaulo langa pa filimuyi ndi lina. Anyamatawo anawasankha okongola kwambiri, Max Irons, Sam Claflin, Douglas Booth, ndipo theka loyamba lonse kamera ikuwakonda: magalimoto, majekete, nyumba zakale za Oxford dzuwa likulowa. Ndinaonera ndi mdzukulu wanga wa zaka 17, ndipo pakati pa filimu anati, "Agogo, koma amatchena." Ndinachita mantha pang'ono.

Nabanda wa ku Joni

Aphunzitsi, ine ndikuona kuti anachitira dala. Akanawapanga onyansa kuyambira poyamba, tikanangoti ife sitingakhale nawo. Koma amayamba akukopa kaye, kuti nawenso ufune kuitanidwa, ngati mmene Miles anafunira. Pofika nthawi imene Chris ali pansi, umadzifunsa kuti ine ndinayamba liti kuseka nawo. Mdzukulu wanuyo anati chiyani itatha?

Aphunzitsi Opuma

Sanayankhule. Anatenga mbale zathu n'kukatsuka yekha, chinthu chimene sachita popanda kutumidwa. M'mawa mwake ndi pamene anandifunsa ngati bambo uja anachira.

Nangozo wa ku Leicester

Funso la mdzukulu wanulo ndi limenenso ine ndatsala nalo. Filimu ikutha tikudziwa za Alistair, tikudziwa za Miles, tikudziwa kuti gulu lipitirira ndipo ayamba kale kukambirana za phwando lina. Za Chris tangomuona ali pa bedi kuchipatala, nkhope yotupa, mwana wake ali pambali. Kaya bala ija inatsegulidwanso, kaya makasitomala ake akale amene anathawa phokoso usiku uja anabwerera, sitikuuzidwa.

Amene tinagwirapo ntchito zimenezi tikudziwa chimene chimachitika m'mawa mwake. Pamafika munthu 6 koloko ndi ndowa, tsache ndi magolovesi. Magalasi osweka sutola ndi manja, umayamba wasesa akuluakulu, tizidutswa tating'ono n'kumatola ndi pepala lonyowa. Masanzi ukawachedwerera pa kapeti fungo silichoka, ndiye umayambira amenewo. Ku hotelo kuja amene tinkachita zimenezi tinali ine, mayi wina wa ku Zimbabwe ndi mtsikana wa ku Poland, ndipo pofika 11 koloko chipinda chimayenera kukhala chokonzeka chifukwa kumakhala kukubwera ukwati.

A Jah Kay, mukadzaioneranso, nthawi ino muziyang'ana Rachel, osati anyamatawo. Muone mmene akugwirira mbale akamalowa m'chipinda muja kachitatu.

Jah Kay wa ku Area 25

Chabwino achemwali, ndiioneranso Loweruka. Koma za Miles sindinagonje, tidzakambirananso.